Zombo zilipo, koma kodi zikuona? Vuto la masipeyala kwa asilikali a panyanja

Chombo chankhondo chatsopano chikafika padoko la Monkey Bay pamakhala mwambo. Asilikali amaguba, bandi imaimba, akuluakulu a boma amalawira kuchoka ku Lilongwe kuti akadule riboni. Koma tsiku lomwe kachipangizo kena m'kati mwa rada ya chombocho kapsa, palibe amene amalengeza. Utoto umakhalabe waliwali, mfuti imakhalabe chilili kutsogolo, pomwe usiku kapena kukagwa nkhungu chombocho sichingathenso kuona bwato lomwe lili pamphuno pake.

Masiku ano mphamvu ya chombo cholondera ili m'maso ndi m'makutu ake, kutanthauza rada, wailesi ndi zipangizo zina zoyendera magetsi. Zipangizo zimenezi zimatha, ndipo zikatha zimafuna zina zolowa m'malo mwake. Funso loti masipeyala amenewa apezeka kapena ayi siliyankhidwa kunyanja. Limayankhidwa m'maofesi a ku Capital Hill, ku Nyumba ya Malamulo, ku banki yaikulu ya Reserve ndi kulikulu la asilikali ku Kamuzu Barracks, makilomita oposa 200 kuchokera pomwe zombozo zimakocheza.

Batire la ku Chikangawa

Amalawi adaona kale mtengo wa kachipangizo kamodzi kosasinthidwa, ngakhale sikudali panyanja. Pa 10 June 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka pabwalo la Kamuzu International kupita ku Mzuzu, ndipo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu adafera pomwepo. Ndegeyo idapezeka tsiku lotsatira, asilikali, apolisi ndi anthu ena atachezera kuifunafuna m'nkhungu ndi m'chisanu.

Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany, omwe adafufuza ngoziyo, adapeza kuti m'ndegemo mudali kachipangizo kotchedwa ELT, komwe ntchito yake ndi kuulutsa chizindikiro ndege ikagwa kuti ofunafuna adziwe pomwe ili. Batire la kachipangizoko lidatha mphamvu mu 2004, zaka 20 ngoziyo isadachitike. Kuonjezera apo, kadali kamtundu wakale koulutsa pa 121.5 ndi 243 MHz, pomwe masetilaiti othandiza pangozi adasiya kumvetsera malo amenewo mu February 2009 ndipo amamvera zipangizo za 406 MHz. Lipotilo lidati a nthambi ya ndege za asilikali adafotokoza kuti padalibe masipeyala a kachipangizoko, komanso padalibe ndalama zogulira katsopano.

Batirelo sindilo lidagwetsa ndege. Ofufuza adaloza chala pa kuuluka pafupi ndi nthaka nyengo ili yoipa. Komabe, poti kachipangizoko kadali chete, ofunafuna adadalira nsanja za mafoni kuti aganizire dera loyambirapo. Ngati izi zidachitika pa ndege yonyamula atsogoleri a dziko, n'koyenera kufunsa za momwe zilili m'maboti omwe amayenda kutali ndi maso a anthu, pakati pa Likoma ndi Chilumba.

Maso ndi makutu a chombo

M'mayiko a zombo zikuluzikulu muli gawo la nkhondo lomwe silifuna chipolopolo, lomenyedwa ndi mafunde a wailesi. Ntchito zake zilipo zitatu. Yoyamba ndi kumvetsera: rada iliyonse ikamagwira ntchito imatulutsa mafunde okhala ndi kamvekedwe kakekake, choncho chombo chokhala ndi makina abwino chimazindikira kuti kwinakwake kuli ndege kapena mzinga womwe ukuchisaka, chisadauone n'komwe. Yachiwiri ndi kusokoneza: kutumiza phokoso lomwe limagonthetsa rada ndi wailesi za mdani, kapena kuponya m'mwamba tizitsulo topyapyala kuti mzinga utsate timeneto. Yachitatu ndi kuteteza zipangizo zako kuti mdani asakuchite zomwezo.

Chomwe chimachitika makutuwa akatsekeka chidaoneka pa 4 May 1982 pankhondo ya ku Falklands. Chombo cha Britain cha HMS Sheffield chidali kutumiza uthenga kudzera pa setilaiti, ndipo zimenezo zidagonthetsa kwa kanthawi makina ake omvetsera. Mzinga wa Exocet wochokera ku ndege ya Argentina udachimenya, anthu 20 adafa, chombocho n'kumira patapita masiku ochepa. Makina adalipo, koma pa mphindi zofunikira sadamve kanthu.

Maboti olondera panyanja ya Malawi si a msinkhu umenewo, ndipo palibe akuwasaka ndi mizinga ya Exocet. Koma ntchito yawo imatsamira pa zipangizo za banja lomwelo: rada yoonera usiku ndi m'nkhungu, wailesi yolumikizana ndi kumtunda, GPS yosonyeza pomwe boti lili, makina oyezera kuya kwa madzi ndi zoonera mumdima. Boti lomwe zipangizo izi zafa likhoza kuyenda masana nyanja ili bata. Mwera ukauka usiku, limakhala ngati bwato lina lililonse la asodzi, kungoti lili ndi mfuti.

Luso losokoneza zipangizozi nalo latsika mtengo. Mu June 2017, zombo zamalonda pafupifupi 20 pa Black Sea zidadandaula kuti GPS ikuonetsa ngati zili kumtunda, pafupi ndi bwalo la ndege. Kuchokera pomwe nkhondo ya Russia ndi Ukraine idakula mu 2022, komanso pomwe zigawenga za Houthi zidayamba kuombera zombo pa Red Sea kumapeto kwa 2023, kusokoneza GPS kwasanduka nkhani ya tsiku ndi tsiku. Timakina tochitira izi pamtunda waufupi timakwana m'chikwama, ndipo ozembetsa katundu kapena anthu akhoza kutipeza.

Si za ku Biwi

Mwini minibasi ku Lilongwe injini ikavuta amadziwa kolowera. Ku Biwi kapena mumsewu wa Malangalanga amapeza chitsulo chatsopano kapena chogwirapo kale ntchito chochokera ku Japan, Dubai kapena Dar es Salaam, ndipo dzuwa lisadalowe galimoto imabwerera pamsewu. Sipeyala ya rada kapena wailesi ya asilikali siyenda njira imeneyo, pa zifukwa zingapo.

Choyamba ndi kusiyana kwa moyo wa chitsulo ndi wa zamagetsi. Thupi la chombo likhoza kukhala zaka 30 kapena kuposa, makamaka m'madzi opanda mchere ngati a nyanja ya Malawi. MV Ilala, yomwe idapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, yakhala ikuyenda kuchokera mu 1951. Koma tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta ndi mawailesi timasintha pakangopita zaka zochepa, ndipo fakitale ikasiya kupanga kamtundu kena, ngakhale wokhala ndi ndalama m'manja amasowa kogula. 

Chachiwiri n'chakuti zina mwa zipangizozi zili ndi nthawi yake yothera ngakhale zisamalidwe bwanji. Chubu chomwe chimatulutsa mafunde mu rada zambiri za panyanja chimafooka chikagwira ntchito maola masauzande angapo. Mabatire amatha ngakhale ali pashelefu. Kutentha kwa ku Mangochi m'mwezi wa October, chinyezi, kugwedezeka kwa boti pamafunde ndi mphenzi za m'dzinja zimafupikitsa moyo wa mawaya ndi timabolodi ta magetsi.

Chachitatu ndi malamulo. Chipangizo cha asilikali sichituluka m'dziko lomwe chidapangidwa popanda chilolezo cha boma la kumeneko, ndipo wogula amayenera kusaina chikalata chotsimikiza kuti sakachigulitsa kwina. Izi zimatenga miyezi. Nthawi zambiri chipangizo chatsopanocho chimafunanso kuti katswiri wa kampani yopanga abwere kudzachilumikiza ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe kampaniyo yokha ndiyo ili ndi makiyi ake.

Njira zoyenerazi zikatsekeka pamatsala ziwiri, zonse zowononga. Ina ndi kuphwasula boti limodzi kuti akonzere linzake, monga amachitira amakaniko: mwa maboti asanu ndi awiri oyenda amatsala asanu, kenako atatu, enawo atasanduka nkhokwe ya masipeyala. Ina ndi kugula kwa adobadoba. Ngakhale dziko la America lidagwa mumsampha umenewu. Mu May 2012, komiti yoona za asilikali m'nyumba ya Senate idatulutsa lipoti loti idapeza nkhani pafupifupi 1,800 za zipangizo zamagetsi zoganiziridwa kuti n'zachinyengo, zoposa 1 miliyoni zonse pamodzi, zomwe zidalowa m'njira zogulira katundu wa asilikali. Zambiri zidali zakale zozulidwa m'makompyuta otayidwa, n'kuzipala, n'kuzilembanso ngati zatsopano. Chipangizo chotere chimatha kugwira ntchito pochiyesa, n'kudzafa tsiku la mkuntho.

N'chifukwa chake akatswiri owerengera chuma cha asilikali ku America amati pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a ndalama zomwe chida chachikulu chimadya pa moyo wake wonse amapita ku kuchiyendetsa ndi kuchikonza. Mtengo wogulira, womwe umalengezedwa pamwambo, ndi gawo laling'ono chabe.

Zombo za mayiko atatu

M'mbiri ya nkhondo panyanja ya Malawi muli nkhani ya chombo chomwe chidagwidwa chili kokonzedwa. Mu August 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, chombo cha Britain cha Gwendolen, motsogozedwa ndi kaputeni Rhoades, chidapeza chombo cha Germany cha Hermann von Wissmann chitakokeredwa kumtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Angelezi adachiombera, n'kuchotsamo mfuti ndi zitsulo zina za injini. Kuyambira pamenepo nyanja yonse idakhala m'manja mwawo. Mfuti ya Gwendolen ikadalipo ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi.

Dziko lino litalandira ufulu, zombo za asilikali zakhala zikubwera mwa apo ndi apo kuchokera kosiyanasiyana. M'zaka za m'ma 1980 kudabwera boti lopangidwa ku France, lomwe poyamba lidatchedwa Chikala, kenako Kasungu, ndipo mabuku otsata zombo zankhondo akhala akulemba kuti lidatha zaka zambiri lisakuyenda. Mu 1988 dziko la South Africa lidapereka boti laling'ono la mtundu wa Namacurra.

Mu 2013, mkangano wa malire a panyanja utatentha, boma la Joyce Banda lidagula maboti othamanga asanu ndi awiri opangidwa ku Cape Town, pansi pa mgwirizano ndi kampani ya Paramount Group womwe mtengo wake wonse udanenedwa kuti ndi $145 miliyoni. Boma litasintha mu 2014, nduna ya zachuma Goodall Gondwe adati mgwirizanowo udali wodula ndipo sudatsate malamulo, ngakhale pambuyo pake mbali ziwirizo zidagwirizana zoukonzanso. Kumapeto kwa 2019, Peter Mutharika adakhazikitsa zombo zina zatsopano zochokera ku China pamwambo wa ku Monkey Bay.

Boma lililonse lidali ndi zifukwa zake pogula komwe lidagula. Koma kwa msilikali wosunga nkhokwe ya zipangizo, zotsatira zake ndi mutu waukulu. Zombo za France, South Africa ndi China zimatanthauza makampani osiyana, mabuku a malangizo osiyana, zida zokonzera zosiyana ndi maphunziro osiyana kwa amisiri. Cholumikizira cha boti lina sichilowa pa linzake. Gulu laling'ono la asilikali limasenza katundu wa mitundu itatu, ndipo mgwirizano ndi wogulitsa ukagwedezeka pa zifukwa za ndale, choyamba kuima ndi kutumiza masipeyala ndi akatswiri.

Nyanja yofuna mlonda

Ena angafunse ngati dziko lomwe zipatala zake zimasowa mankhwala, ndipo anthu ake amagona pamizere ya mafuta, liyenera kudandaula za rada ya boti la asilikali. Funsoli n'lomveka, ndipo yankho lake lili pa ntchito zomwe mabotiwa amagwira.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita pafupifupi 580, ndipo malo ena ndi yakuya mamita 700. Kumpoto, dziko lino limati malire ake ndi Tanzania ali m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, potsamira pa pangano la Heligoland la pa 1 July 1890 pakati pa Britain ndi Germany, pomwe Tanzania imati malire ali pakati pa nyanja. Mkanganowu udabuka mwamphamvu mu 2012, boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Surestream Petroleum chaka cham'mbuyo mwake. Zokambirana zomwe adatsogolera Joaquim Chissano, mothandizana ndi Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, zidaima mu 2014 popanda chomanga. Mu 2024 nkhaniyi idamvekanso kaamba ka ntchito yomanga doko la Mbamba Bay. Chakumwera, pangano la 1954 lidaika malire ndi Mozambique pakati pa madzi, zomwe zidasiya zilumba za Likoma ndi Chizumulu zitazunguliridwa ndi madzi a dzikolo.

Palibe woganiza bwino amene angafune kuti mkangano ndi Tanzania uthere pamfuti. Asilikali a dzikolo ndi ochuluka kwambiri, ndipo mafuta ndi katundu wambiri wa dziko lino amadzera ku Dar es Salaam. Nkhaniyi idzathera pagome kapena kukhoti. Komabe dziko lomwe likuti madzi ndi ake liyenera kudziwa zomwe zikuchitika pamadzipo, ndipo boti lopanda GPS yodalirika likhoza kulowa malo olakwika n'kuyambitsa mkangano womwe palibe adaufuna.

Ntchito yochuluka ya asilikali a panyanja ndi ya tsiku ndi tsiku: kupulumutsa anthu, kuthandiza a zausodzi kugwira ophera nsomba ndi maukonde oletsedwa, ndi kutchinga ozembetsa katundu ndi anthu. Nyanjayi siseka ndi munthu. Pa 30 July 1946, sitima ya Vipya idamira pafupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutha. Mu June 2012, anthu oposa 40 ochokera ku Ethiopia adamira m'boma la Karonga boti lomwe ankawazembetsera litagubuduzika. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kumwera mu March 2023, maboti a asilikali ndiwo adafika kwa anthu omwe adatsakamira m'mitengo ndi pazulu m'chigwa cha Shire, pomwe ndege zina zopulumutsira anthu zidachita kuchokera ku Tanzania ndi Zambia. Pa ntchito zonsezi, wailesi yogwira ntchito ndiyo imasiyanitsa kupeza munthu wamoyo ndi kuvuula mtembo.

Zomwe zidaonekera anansi

Mayiko oyandikana ndi Malawi adalipira kale mtengo wogula popanda kukonzekera kusamalira. M'zaka za 2013 ndi 2014, makampani atatu a boma la Mozambique, Ematum, ProIndicus ndi MAM, adakongola pafupifupi $2 biliyoni, zambiri mwachinsinsi, ati zogulira maboti ophera nsomba, maboti olondera gombe, rada ndi malo okonzera zombo. Ngongolezo zitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi mayiko othandiza adaimika thandizo, ndalama ya metical n'kugwa. Maboti ambiri adangokhala padoko la Maputo akuchita dzimbiri. Zigawenga zitayamba kusautsa ku Cabo Delgado mu 2017, n'kulanda doko la Mocímboa da Praia mu 2020, dziko lomwe lidakongola ndalama zochuluka chotero m'dzina la chitetezo cha panyanja lidachita kudalira asilikali a Rwanda ndi a SADC. Yemwe adali nduna ya zachuma panthawi ya ngongolezo, Manuel Chang, adapezeka wolakwa kukhoti la ku New York mu August 2024.

South Africa, yomwe chuma chake chimaposa cha Malawi kutalitali, idagula zombo zikuluzikulu zinayi ndi sitima zoyenda pansi pa madzi zitatu kudzera mumgwirizano wa 1999. Kwa zaka zambiri tsopano, akuluakulu a asilikali akhala akuuza aphungu a dzikolo kuti ndalama zokonzera zombozo pa nthawi yake sizikwana, moti zambiri zimakhala padoko la Simon's Town. Akale adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Makiyi ali ku Lilongwe

Kuno kwathu, chopinga choyamba ndi ndalama zakunja. Masipeyala a zamagetsi sagulidwa ndi kwacha. Ndalamayi idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Izi zikutanthauza kuti chipangizo cha $10,000 chomwe chikadagulidwa pa K11.8 miliyoni chidafika pa K17 miliyoni usiku umodzi, bajeti ili yomweyo. Ndipo ngakhale kwacha itapezeka, pempho la madola limakaima pamzere umodzi ndi mafuta, feteleza ndi mankhwala. Pamzere wotere, kabokosi ka rada kamakhala kumapeto, chifukwa kusowa kwake sikuoneka mumsewu.

Chopinga chachiwiri ndi kagawidwe ka bajeti. Malipiro, chakudya ndi mafuta sizingadikire. Kukonza zinthu kukhoza kudikira chaka chimodzi, kenako china, popanda wodandaula pawailesi. Pamisonkhano yokonzekera bajeti yomwe imachitikira m'mahotela a ku Area 11 ndi City Centre, amalonda, aphunzitsi, a zaumoyo ndi mabungwe amalankhulira zofuna zawo. Batire lomwe latsala miyezi itatu kuti lithe lilibe womuyankhulira. Kwa wandale, chombo chatsopano chimaoneka pachithunzi, pomwe shelefu yodzaza masipeyala siibweretsa voti.

Chachitatu ndi chinsinsi. N'zoona kuti dziko silingalengeze pagulu kuti boti lakutilakuti lafa rada. Koma chinsinsi chomwecho chakhala chikuphimba zinthu zomwe sizikhudza chitetezo. Kafukufuku wa Cashgate wa 2013 adapeza kuti zina mwa ndalama zokayikitsa zidatuluka m'dzina la katundu wa asilikali, ndipo milandu yomwe bungwe la ACB lidayamba kufufuza mu 2021 yokhudza wamalonda Zuneth Sattar idazungulira pa makontirakiti a asilikali ndi apolisi. Masipeyala ndi malo osavuta kubisapo chinyengo, chifukwa ndi ochepa omwe angadziwe ngati kabolodi kena n'koyenera madola 200 kapena 20,000, kapenanso ngati kadafikadi kunkhokwe.

Malamulo aakulu a dziko lino adakhazikitsa komiti ya aphungu yoona za chitetezo pa chifukwa chimenechi. Komitiyi ikhoza kukumana zitseko zili zotseka n'kufunsa mafunso omwe anthu wamba sangafunse: mwa maboti omwe boma lidagula, ndi angati angathe kunyamuka usiku uno? Ndi angati akudikira chipangizo, ndipo adikira miyezi ingati? Mkulu wolondoloza chuma cha boma naye ali ndi mphamvu zofananitsa zomwe zidalipiridwa ndi zomwe zili pashelefu.

Zosafuna chuma chambiri

Zambiri zomwe zingathandize sizifuna ngongole yatsopano. Choyamba ndi kaundula wa chipangizo chilichonse chokhala ndi tsiku lothera, m'ndege, m'maboti ndi m'magalimoto a asilikali, wounikidwa chaka ndi chaka ndi munthu wosakhala wa nthambi yomweyo. Batire la 2004 likadaonekera pa ndandanda yotere maulendo 20.

Chachiwiri, pasakhale mgwirizano wogula chombo kapena ndege womwe sukunena za masipeyala a zaka zosachepera khumi, maphunziro a amisiri, mabuku a malangizo m'Chingelezi, ndi udindo wa kampani kuchenjeza isadasiye kupanga chipangizo china. Bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma la PPDA ndi unduna wa zachuma akhoza kukana kuvomereza pempho lopanda zimenezi. Ndi bwino kugula maboti anayi okhala ndi zokonzera kusiyana ndi asanu ndi awiri opanda kanthu.

Chachitatu, ndalama zokonzera zikhale ndi mzere wakewake m'bajeti, wosaloledwa kusamutsidwira ku maulendo kapena miyambo, ndipo banki yaikulu ipatule kagawo ka madola ka zipangizo zopulumutsa moyo monga mawailesi ndi zoulutsa chizindikiro pangozi. Poyerekeza ndi mtengo wa chombo, izi ndi ndalama zochepa.

Chachinayi ndi kuchepetsa mitundu. Pa maboti ang'onoang'ono, rada, GPS ndi mawailesi a zombo zamalonda amakwanira ntchito zambiri, safuna zilolezo zovuta, ndipo amapezeka kwa ogulitsa ovomerezeka ku South Africa. Asilikali, apolisi a panyanja, nthambi ya zausodzi ndi oyendetsa sitima za anthu atagwirizana pa mtundu umodzi, nkhokwe imodzi ku Monkey Bay ikhoza kutumikira onse.

Chachisanu ndi anthu. Ku Monkey Bay kuli kale sukulu yophunzitsa za panyanja ndi malo okonzera sitima, ndipo yunivesite ya MUBAS imatulutsa mainjiniya a zamagetsi chaka chilichonse, ambiri mwa iwo n'kumasowa ntchito. Mmisiri wodziwa kupeza kachipangizo kamodzi kopsa pabolodi amapulumutsa boma ku kugula bokosi lonse, komanso ku kulipirira katswiri wakunja ndege ndi hotela.

Mutharika, yemwe adakhazikitsa zombo za 2019, adabwereranso pampando atapambana chisankho cha pa 16 September 2025. Zombozo tsopano zafika msinkhu womwe zipangizo zamagetsi zoyamba zimayamba kutopa, ndipo maboti a 2013 adutsa kale zaka khumi. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, ndipo isadakwane nthawi imeneyo aphungu amakhala m'magulu kuunika bajeti ya unduna uliwonse. Apo ndi pomwe funso la masipeyala liyenera kufunsidwa, ndi manambala ake, asodzi a ku Likoma ndi apaulendo a pa Ilala asadadziwe yankho lake usiku wa mwera.